Sikelo ya Pamtengo wa Mango ndi Lamulo la ku Brazil

M'chaka cha 2014 ndinali mphunzitsi wa Sitandade 5 pa sukulu ina ya pulayimale m'chigwa cha Phalombe, ndipo kuwonjezera pa choko ndi kaundula wa ana, ndinapatsidwanso udindo wolemba m'buku la komiti yoona za chakudya cha ophunzira. Tsiku logula likafika tinkapachika sikelo pa nthambi ya mtengo wa mango umene unali kuseri kwa ofesi ya ahedi, ndipo alimi a m'makalabu ozungulira ankafika dzuwa lisanatenthe, ena atakweza matumba a chimanga pa njinga, ena atasenza ndowa za nandolo ndi mtedza, enanso atanyamula mbatata ndi mitolo ya masamba. Ine ndinkaitana dzina, apampando ankawerenga mokweza pamene singano ya sikelo yaima kuti aliyense amve, ndipo mlimi ankasaina kapena kudinda chala pafupi ndi dzina lake. Tsiku lina mayi ena achikulire, amene anabweretsa ndowa ziwiri za nandolo wopeta bwino, anandiyandikira n'kundifunsa chapansipansi kuti: "Aphunzitsi, ndalama tikulandirazi akuti zachokera kuti?" Ndinawayankha kuti mbali ina yachokera ku Brazil. Chaka chimenecho dzina la Brazil linali pakamwa pa mwana aliyense chifukwa cha mpikisano wa mpira wa dziko lonse umene unkachitikira kumeneko, choncho dzikolo ankalidziwa. Anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsanso kuti: "Nanga iwowo kwawo alibe osauka awo?"

Funso limenelo sindinaliyankhe mokwanira tsiku lija, ndipo lakhala likundibwerera kwa zaka zoposa khumi, makamaka masiku ano pamene thandizo lochokera ku mayiko olemera a kumadzulo likuphwa ndipo maso a ambiri akutembenukira ku mayiko amene chuma chawo chakwera posachedwapa, monga Brazil, India ndi China. Yankho loona ndi lakuti osauka ali nawo, ndipo ndi ambiri. Kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo kuli dera louma limene chilala chakhala chikuthamangitsa anthu kwa mibadwo yambiri, ndipo Luiz Inácio Lula da Silva anabadwira komweko, m'chigawo cha Pernambuco, asanakwere lole pamodzi ndi amayi ake ali mwana kupita ku São Paulo kukafuna moyo. Atalowa upulezidenti mu 2003 ananena poyera kuti akadzaona munthu aliyense wa m'dziko lake akudya katatu patsiku, ndiye kuti wakwaniritsa cholinga cha moyo wake. Mawu otere atsogoleri ambiri amawanena, ndipo ifenso tawamva kwathu kuno kangapo konse. Chimene chinasiyana ku Brazil ndi zimene zinatsatira mawuwo.

Mu 2003 momwemo boma lawo linayambitsa ndondomeko yothana ndi njala yotchedwa Fome Zero, ndipo mkati mwake munali pulogalamu ya PAA, imene inalola boma kugula chakudya mwachindunji kwa alimi ang'onoang'ono popanda kuwadutsitsa m'mpikisano wa makontirakiti a boma umene nthawi zonse amapambana ndi amalonda akuluakulu. Kenaka mu 2009 nyumba yawo ya malamulo inavomereza lamulo lonena kuti pa ndalama zimene boma lalikulu limatumiza zodyetsera ana m'sukulu, zosachepera 30 pa 100 zilizonse ziyenera kugulira chakudya kwa mabanja olima minda yaing'ono. Ana amene amadya kusukulu ku Brazil ndi pafupifupi 40 miliyoni, kotero lamulo limeneli linasandutsa khitchini ya sukulu iliyonse kukhala msika wodalirika wa mlimi wa pafupi. Mu 2014, chaka chomwe ine ndinkalemba m'buku pansi pa mango paja, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linachotsa Brazil pa mndandanda wa mayiko amene njala ili vuto lalikulu.

Nzeru imeneyi ndi imene inafika kwathu. Kuyambira mu 2012 boma la Brazil, mothandizana ndi la Britain komanso bungwe la FAO ndi la WFP, logawa chakudya la United Nations, linayamba kuiyesa m'mayiko asanu a mu Africa, omwe ndi Ethiopia, Malawi, Mozambique, Niger ndi Senegal, ndipo kuno ntchitoyo inagwera m'sukulu zochepa za m'maboma a Phalombe ndi Mangochi. Phala la kusukulu silinali lachilendo kwa ife. Likuni phala tinkalidziwa kale, ndipo sindingayerekeze kunyoza ntchito ya amene akhala akulibweretsa, chifukwa ndinaona ndi maso anga mmene mwana amene wabwera m'mimba mulibe kanthu amasinthira akamwa kapu imodzi. Koma ufa umenewo unkabwera pa lole, wina kuchokera ku fakitale ya m'tauni, wina kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndipo mlimi amene munda wake unachita malire ndi bwalo la sukulu analibe nawo gawo. M'njira yatsopanoyi ndalama zinkafika ku akaunti ya sukulu, komiti inkagwirizana mtengo ndi makalabu a alimi, ndipo ndalama yomwe yadyetsa mwana inkagonanso m'mudzi momwemo, n'kugula malata, sopo ndi yunifolomu ya mwana yemwe uja. Mwana akamadya nsinjiro m'phala ankadziwa kuti mtedzawo analima ndi azakhali ake.

Sindikufuna kukometsera zinthu kuposa mmene zinalili. Ndalama zinkachedwa nthawi zina, ndipo mlimi amene wadikira masabata atatu amayamba kusuzumira kwa mavenda ngakhale akudziwa kuti sikelo yawo ndi yokayikitsa. Mtedza wina tinkaubweza chifukwa cha chuku, ndipo kubweza katundu wa munthu amene umakumana naye kutchalitchi Lamulungu lililonse si chinthu chapafupi. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ana amafunitsitsa chakudya, ndi pomwenso nkhokwe za m'mudzi zimakhala zitapepuka. Ndipo chimene chinkandipweteka kwambiri chinali cha amayi ophika, amene ankadzuka tambala woyamba, kubwera ndi nkhuni zawo, kutunga madzi kumjigo ndi kutsukuluza miphika ikuluikulu popanda malipiro. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ku Brazil ophika chakudya cha kusukulu amalembedwa ntchito ndipo amalandira malipiro, komanso kuti lamulo lawo limafuna kuti katswiri wa kadyedwe ndiye azikonza mndandanda wa zakudya. Ife tinatenga mbali ya nzeruyo imene inali yotchipa, mbali yolemera n'kuisenzetsa amayi.

Anthu a ku Brazil amene amagwira ntchito zoterezi sakonda kutchedwa opereka thandizo. Iwo amati ndi mgwirizano wa anthu ofanana, wa mayiko a kum'mwera okhaokha, ganizo limene mayiko osauka anagwirizana pa msonkhano wa ku Buenos Aires mu 1978. Nthambi yawo yoona za mgwirizano, yotchedwa ABC, inakhazikitsidwa mu 1987, poyamba makamaka kuti iziyendetsa thandizo limene Brazil inkalandira kuchokera kwa ena, ndipo pang'onopang'ono inasanduka khomo lotulukira. Kawirikawiri satumiza ndalama zambiri, koma amatumiza akatswiri a boma, monga a bungwe la kafukufuku wa ulimi la Embrapa kapena la zaumoyo la Fiocruz, ndipo amanena kuti amangopita kumene aitanidwa, popanda kuika malamulo pa kayendetsedwe ka dziko la eni. Kwa Mmalawi amene ankamva mawu amenewa mu 2014, patangopita miyezi yochepa mayiko otithandiza ataimitsa ndalama zothandizira bajeti chifukwa cha kubedwa kwa chuma cha boma ku Capital Hill, anali mawu ozuna. Komabe ndiyenera kunena chilungamo kuti amene anaimitsa thandizo panthawiyo anali ndi chifukwa chomveka, pakuti ndalama zinabedwadi, ndipo anaba ndi anthu athu omwe.

Panalinso nkhani ya ngongole ya mbiri. Brazil inalandira akapolo ochokera ku Africa oposa 4 miliyoni, kuposa dziko lina lililonse, ndipo inathetsa ukapolo mochedwa kwambiri, mu 1888. Ena mwa anthu amenewo anakwezedwa zombo pa madoko a Quelimane ndi chilumba cha Mozambique, kumene kunkathera njira zochokera kumtunda kuno, kotero n'zosakayikitsa kuti pakati pawo panali anthu a magazi athu. Lula atafika pa chilumba cha Gorée ku Senegal mu 2005 anapepesa chifukwa cha ukapolowo. Ine ndimakhulupirira kuti ankanena zochokera pansi pa mtima, koma ndimadziwanso kuti dziko silitsegula maofesi a akazembe ambirimbiri m'zaka zochepa chifukwa cha chisoni chokha. Brazil inkafuna misika, inkafuna mavoti ku United Nations, ndipo kusankhidwa kwa José Graziano da Silva, yemwe anali mmisiri wa Fome Zero, kukhala mkulu wa FAO kuyambira mu 2012 kunadalira kwambiri mavoti a mayiko osauka. Palibe cholakwika pamenepo, bola tizidziwa kuti mnzathuyo alinso ndi zake zimene akufuna.

Chinthu chimodzi chimene Brazil inachita, chomwe palibe dziko lolemera likanatichitira, ndi nkhani ya thonje. Mu 2002 inasumira dziko la America ku bungwe la zamalonda la WTO chifukwa cha ndalama zimene boma la America limapatsa alimi ake a thonje, zomwe zimagwetsa mtengo pa msika wa dziko lonse ndi kusaukitsa mlimi wa ku Mali, wa ku Benin, ngakhalenso wa ku Chikwawa ndi Balaka. Brazil inapambana mlanduwo, ndipo kuyambira mu 2010 America inavomera kulipira ndalama zokwana madola 147 miliyoni pachaka. Gawo la ndalama zimenezo linagwiritsidwa ntchito pothandiza ulimi wa thonje mu Africa, kuphatikizapo ntchito ina ya m'zigwa za Shire ndi Zambezi imene inakhudza Malawi ndi Mozambique. Ntchitoyo inali yaing'ono, ndipo sinasinthe moyo wa mlimi wa thonje wa kuchigwa mmene ena ankayembekezera, koma kochokera ndalamazo kumandichititsa chidwi mpaka lero. Dziko limene lili ndi maloya okwanira ndi mphamvu zokwanira kulimbana ndi chimphona linamenya nkhondo imene mayiko ang'onoang'ono sakanaitha, kenaka n'kugawako zimene linapeza.

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona, koma kalumo kamene kamameta bwino kamathanso kucheka. Brazil ili ndi maulimi awiri amene amakhala ngati mitala yosagwirizana, moti kwa zaka zambiri inali ndi maunduna awiri osiyana, wina wa minda ikuluikulu ya soya, nzimbe ndi ng'ombe, wina wa mabanja olima minda yaing'ono. Ku Phalombe kunabwera ulimi wachiwiriwu. Kutsidya kwa malire, kumene ambiri a ife Alomwe tili ndi abale, kunapita woyamba uja. Mu 2009 maboma a Japan, Brazil ndi Mozambique anasainirana pangano la ProSAVANA, lokhudza maboma ang'onoang'ono 19 m'zigawo za Nampula, Niassa ndi Zambézia, motsatira njanji yopita ku doko la Nacala. Chitsanzo chawo chinali Cerrado, thengo lalikulu la pakati pa Brazil limene kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndi ndalama za Japan komanso kafukufuku wa Embrapa, linasandutsidwa minda ya soya yosaoneka malire. Mu 2011 mkulu wina wa alimi a thonje a ku Mato Grosso, chigawo cha minda ikuluikulu ku Brazil, anauza nyuzipepala ya kwawo kuti Mozambique ndi Mato Grosso wina amene ali pakati pa Africa, wokhala ndi malo aulere.

Malowo sanali aulere, ndipo sanali opanda anthu. Kumpoto kwa Mozambique ndi kumene kuli anthu ambiri olima ndi khasu, amene amagoneka munda zaka zingapo kuti nthaka ipume, ndipo munthu woyang'ana ali m'ndege angaganize kuti ndi tchire chabe pomwe ndi munda wa mwini, wokhala ndi manda a makolo m'mphepete mwake. Bungwe la alimi ang'onoang'ono la m'dzikolo, UNAC, linadzuka, ndipo mu Meyi 2013 pamodzi ndi mabungwe ena linalembera kalata yapoyera atsogoleri a panthawiyo, Armando Guebuza wa Mozambique, Dilma Rousseff wa Brazil ndi Shinzo Abe wa Japan, kupempha kuti ntchitoyo iimitsidwe. Chimene chimandilimbitsa mtima pa nkhaniyi ndi chakuti amene anathandiza kwambiri alimi a ku Mozambique kumvetsa zimene zinkabwera anali alimi anzawo a ku Brazil, omwe anawaitana kuti akaone okha zimene soya anachita ku Mato Grosso, komanso mabungwe a ku Japan amene anafunsa boma lawo mafunso ku nyumba ya malamulo. Umenewunso unali mgwirizano wa mayiko, ngakhale sunalembedwe m'pangano lililonse. ProSAVANA inasinthidwa kangapo, minda ikuluikulu ija sinabwere mmene inalengezedwera, ndipo mu 2020 ntchitoyo inatsekedwa.

Njanji ija ndi imene imadutsa kwathu kuno kuchokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kulowera cha ku Chikwawa, kudutsa pa Nkaya mpaka kutulukira pa Nayuchi. Mbali yake yatsopano inamangidwa ndi kampani ya migodi ya ku Brazil ya Vale, imene inasamutsa mabanja oposa 1,000 ku Moatize, ndipo mu Januwale 2012 anthu amene anawasamutsira ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Wina anganene kuti kampani si boma ndipo malonda si thandizo, zomwe ndi zoona pa pepala. Koma kwa munthu wa ku Tete mbendera ndi imodzi. Patapita zaka pafupifupi khumi Vale inagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa kampani ya eni ake a ku India, n'kubwerera kwawo.

Chimene chinandiphunzitsa kwambiri, komabe, ndi zimene zinachitika chuma cha Brazil chitagwa mu 2015 ndi 2016. Dilma Rousseff anachotsedwa pa mpando, unduna wa alimi ang'onoang'ono unathetsedwa, ndalama za mgwirizano ndi Africa zinachepa kwambiri, ndipo Jair Bolsonaro atangolowa upulezidenti mu Januwale 2019 anathetsa khonsolo imene inkalangiza pulezidenti pa nkhani za chakudya. Pofika mu 2022 ofufuza a m'dzikolo anapeza kuti anthu 33 miliyoni ankagona ndi njala. Osauka amene mayi aja ankafunsa anali atabwereranso m'mizere yodikira chakudya. Kwathu ntchito yoyeserera ija inatha nthawi yake itakwana, ndipo pa sukulu yathu panadutsa nyengo imene sikelo inatsitsidwa n'kusungidwa mu ofesi. Mu 2017 dziko la India, lomwenso ndi limodzi mwa mayiko okwera kumene, linachepetsa mwadzidzidzi nandolo amene limagula kunja, mtengo unagwa pansi, ndipo alimi a ku Phalombe amene anawonjezera minda ya nandolo anatsala ndi matumba m'nyumba akudyedwa ndi anankafumbwe. Sukulu ikanakhala ikugulabe, sikanatha nandolo yense, koma mabanja angapo akanapuma.

Tsono taonani zimene zinachitika ku Brazil komweko m'zaka zovutazo. Pulogalamu ya PAA, imene inkadalira mtima wa boma lolamula chaka ndi chaka, inafota mpaka kutsala pang'ono kufa. Chakudya cha kusukulu sichinafe. Ndalama ya mwana mmodzi inakhala osakwezedwa kuyambira mu 2017 mpaka mu 2023 pamene mitengo ya zinthu inkakwera, mbale zinapepuka, koma miphika sinazime, chifukwa ufulu wa mwana kudya kusukulu unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko a 1988, ndipo gawo la mlimi wamng'ono linalembedwa m'lamulo la 2009. Pulezidenti amene sankazikonda zimenezi sanathe kungozifufuta ndi cholembera. Apa ndi pamene ndimaona kuti mphatso yeniyeni imene Brazil inabwera nayo sinali ndalama zimene tinkalipira alimi pansi pa mango. Inali chitsanzo chakuti dziko limene si lolemera kwenikweni lingathe kudzimanga lokha ndi lamulo, kuika chakudya cha mwana m'bajeti yake, ndi kulamula kuti gawo la ndalamazo lizigwera kwa mlimi wa khasu. Ndalama zingatumizidwe kudzera ku banki, akatswiri angakwere ndege, koma lamulo lotere palibe mlendo angatilembere.

Atsogoleri a mu Africa anaiona nzeruyo. Atatumiza nthumwi ku Brazil, bungwe la African Union linagwirizana mu 2016 kuti pa 1 Malichi chaka chilichonse lizikhala tsiku lokumbukira kudyetsa ana kusukulu ndi chakudya cholimidwa kwawo. Kuno ndondomeko zolembedwa bwino tili nazo, ndipo njira yogula kwa alimi a pafupi yapitirira m'maboma angapo ndi ndalama za mayiko a ku Ulaya, koma mbale ya ana ambiri ikudalirabe chisomo cha abwenzi akunja. Chaka ndi chaka timapeza mabiliyoni a feteleza wotsika mtengo kuti mlimi akolole, koma sitinapezebe kulimba mtima koika padera ndalama yokhazikika yogulira zimene wakololazo kuti zidyetse mwana wake yemwe. Ine ndimaona kuti kumeneku ndi kumanga nyumba n'kuisiya yopanda denga.

Lula anabwerera pa mpando mu 2023, anabwezeretsa unduna ndi khonsolo zija, ndipo pa msonkhano wa G20, gulu la mayiko a chuma chachikulu, ku Rio de Janeiro mu Novembala 2024 anakhazikitsa mgwirizano wa mayiko wolimbana ndi njala ndi umphawi. Mu 2025 FAO inachotsanso Brazil pa mndandanda wa njala uja, umene dzikolo linali litabwererapo, m'chaka chomwecho chimene America inatseka bungwe lake lopereka thandizo la USAID ndi kusiya zipatala ndi mabungwe ambiri kuno ali manja m'khosi. Ndikumva anthu ena akunena kuti tsopano mayiko okwera kumenewa ndiwo atseke dzenjelo. Sindikuganiza kuti Brazil ingathe, ndipo sindikuganiza kuti tiyenera kuipempha zimenezo, pakuti chisankho chimodzi chokha kwawoko chingasinthenso zonse monga tinaonera. Chimene ndingakonde ndi chakuti aphungu athu, akuluakulu a ku unduna wa zachuma ndi atsogoleri a makalabu a alimi akakhale pansi ndi anzawo a ku Brazil, awafunse mmene ndalama imayendera kuchoka ku likulu kufika ku khitchini ya sukulu osasowa panjira, mmene makolo amalondolozera kagulidwe, ndi mmene ophika anayambira kulandira malipiro. Ndingakondenso kuti tsiku limene wina adzabwere ndi mapu a malo athu ojambulidwa ali m'ndege, kaya achokere ku São Paulo, ku Beijing kapena ku London, mafumu ndi alimi athu adzakhale atamva kale nkhani ya ku Nampula.

Chaka chatha ndinapita ku maliro kufupi ndi sukulu ija, ndipo pobwerera ndinapatuka kukalonjera ahedi atsopano. Anandionetsa khitchini ya njerwa imene inamangidwa nditachoka kale, n'kundiuza kuti kugula kwa alimi kunayambiranso ndi thandizo la bungwe lina, ngakhale sakudziwa kuti kudzafika liti. Mayi a nandolo aja anatisiya zaka zitatu zapitazo, ndipo amene amabweretsa katundu wa banjalo tsopano ndi mdzukulu wawo, yemwe ndinamuphunzitsa mu Sitandade 5. Mtengo wa mango ulipobe, ndipo waya amene tinkakolekapo sikelo analowerera m'khungwa la nthambi moti sangachotsedwenso popanda kuidula. Ahedi anandiuza kuti Lachinayi likudzalo ndi tsiku logula, ndipo anandipempha kuti ngati ndidzakhale ndisanabwerere ku Blantyre ndidzabwere kudzawathandiza kulemba m'buku.